Kodi Kusunga Zotsala ndi Umbombo?

Krisimasi ikapita, kapena ukwati ukatha alendo nabwerera kwao, m'nyumba zina za ku Chileka ndi ku Lirangwe mumatsala tinthu tiwiri timene mwini nyumba sadziwa chochita nato: theka la paketi ya kokonati wouma wopalapala, ndi fulawa pang'ono pansi pa thumba. Adazigula kuti aphike keke ya pa chikondwerero. Keke idadyedwa, anthu adayamika. Koma amene adadzaza paketi ku fakitale sadayese muyeso wake poganizira keke imeneyo, chotero china chidatsala. Kokonatiyo ngwochepa, sakwanira keke ina. Fulawayo ngwochepa, sakwanira mandasi a malonda. Mayi amaziika pa shelefu, nati adzaziona mawa. Mawalo lisanduka mwezi, mwezi usanduka miyezi itatu, ndipo tsiku lina potsegula apeza kuti kokonati wachita chikasu, akununkha ngati mafuta akale, m'fulawa namonso muli tizirombo. Pamenepo zonse zipita ku dzala, ndipo palibe amene mtima umtsutsa.

Wina adzati: "Kodi nkhani yotere njoyenera kudzaza tsamba la nyuzi? M'dera la Mfumu Kuntaja muli mabanja ambiri amene sadagulepo kokonati chibadwire, ndipo fulawa amamuona m'mandasi a ku msika okha." Mauwo ngoona. Komatu nyumba iri yonse iri ndi zotsala zake. Kumene kulibe kokonati kuli nsinjiro zotsala mu mtondo; kumene kulibe fulawa kuli mkute wa dzulo, gaga wa ku chigayo ndi nthochi zimene zapsetsa. Funso ndi limodzi kwa olemera ndi osauka omwe, ndipo liri ndi mbali zitatu. Kodi kutaya chakudya chimene chikadadyedwa nkulakwa, ngakhale chiri chochepa? Ngati nkulakwa, nanga munthu wosunga kanthu kali konse asiyana bwanji ndi waumbombo, amene makolo adamnyoza m'nthano ndi m'miyambi? Ndipo zotsalazo zikasungidwa, adzazidya ndani?

Ulendo wa Zinthu Ziwirizi

Munthu amataya msanga chinthu chimene sadziwa kumene chidachokera. Mtengo wa kokonati umakonda malo otentha ndi achinyezi a m'mbali mwa nyanja yamchere. Minda yake yaikulu ya pafupi ndi Malawi idadzalidwa ku Mozambique, m'dera la Quelimane m'chigawo cha Zambezia, ndipo maiko amene amatumiza kwambiri kokonati wouma kunja ndiwo Philippines, Indonesia ndi Sri Lanka. Mlimi akadzala mtengowo amadikira zaka zingapo usanabale, ndipo chipatso chiri chonse chimatha pafupifupi miyezi 12 kuti chikhwime. Chikakhwima, wina amakwera mtengo wautaliwo kapena kuchigwetsa ndi ngowe. Wina amasenda makoko ake olimba. Wina amaswa chigoba. Wina amachotsa khungu lofiirira kuti patsale choyera chokha. Choyeracho amachitsuka, nachipalapala, nachiumitsa ndi mpweya wotentha kufikira madzi atatsala pang'ono kutheratu. Pambuyo pake chimayenda pa sitima ya pa madzi ndi pa galimoto, kudutsa malire a maiko, kufikira chikakhale pa shelefu ya sitolo ku Blantyre.

Fulawa nayenso ndi mlendo. Tirigu amalimidwa pang'ono ku mapiri ozizira a Neno ndi Tsangano, koma ameneyo sakwanira konse buledi, masikono ndi mandasi amene Amalawi amadya. Wochuluka amagulidwa kunja, natsikira pa madoko a ku Mozambique monga Nacala ndi Beira, nadzagayidwa m'zigayo zazikulu za m'mizinda. Ndicho chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, pakati pa maiko awiri amene amagulitsa tirigu wambiri pa dziko lapansi, amayi ophika mandasi ku Lunzu ndi ku Lirangwe adaona thumba la fulawa likukwera mtengo, ngakhale iwo sadamve kulira kwa mfuti. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, zonse zochokera kunja zidakweranso. Tsono kapu ya fulawa imene ipita ku dzala idagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene dziko limasowa pogula mankhwala, feteleza ndi mafuta a galimoto.

Apa wina adzayankha kuti: "Ndidagula ndi ndalama zanga, chimene ndichita nazo ndi changa." Zoona, ndalama zimapatsa munthu ulamuliro pa chinthu, kotero kuti wina sangamlande popanda kuba. Koma ndalama sizisintha chimene chinthucho chiri. Chakudya chidalimidwa, chidakololedwa ndi kunyamulidwa kuti chidyedwe; ndicho cholinga chake, monga cholinga cha khasu ndi kulima. Amene adakwera mtengo uja adalipidwa, inde, koma sadakwere kuti adyetse dzala. Wogula akataya, sabera munthu ali yense. Amangosandutsa nchito ya anthu ambiri kukhala yachabe, ndipo amatero chifukwa cha kusalabadira, pakuti njira yopulumutsira chakudyacho idalipo. Kulakwa kwake nkochepa, monga kanthuko nkochepa, ndipo palibe amene ayenera kusowa tulo chifukwa cha supuni ziwiri za kokonati. Koma chizolowezi chimamangidwa ndi tinthu tating'ono, ndipo dzanja limene lazolowera kutaya pang'ono silinjenjemera tsiku lotaya zambiri.

Chikumbutso cha 1949

Anthu a dera limeneli sasowa mphunzitsi wochokera kutali kuti awauze kulemera kwa chakudya. Njala yaikulu ya mu 1949, dziko likadali kutchedwa Nyasaland, idagwa kolimba m'boma la Blantyre, makamaka ku Lunzu ndi ku Lirangwe. Mvula idadula mu Disembala 1948 ndi mu Januwale 1949, ndipo chimanga chidaumira m'minda. Boma la atsamunda lidawerenga anthu pafupifupi 200 amene adafa ndi njala, koma chiwerengerocho sichidaphatikize amene adafa ndi matenda atafooka kale ndi njalayo. Anthu adadya gaga, mizu ndi zipatso za kutchire. Zimene chaka chapitacho adali kuponyera nkhuku zidasanduka chakudya cha ana.

Megan Vaughan, mphunzitsi wa mbiri yakale, adayenda m'midzi ya boma limeneli kufunsa amene adapulumuka, ndipo adasindikiza zimene adapeza m'buku la mu 1987. Mwa zimene amayi okalamba adakumbukira, ziwiri ziyenera kusungidwa mu mtima. Choyamba, amuna ambiri adachoka, ena kukafuna chakudya, ena kubwerera kwao kumene adabadwira, ndipo ena sadaonekenso. Chachiwiri, njala itakula, kugawana chakudya pa chibale kudayamba kutha, kufikira banja liri lonse lidatsala kudya palokha.

Chotero njala imaphunzitsa maphunziro awiri nthawi imodzi, lina loona, lina lonyenga. Loona ndi lakuti palibe chakudya chaching'ono. Agogo amene amakokota nkhoko mu mphika, natola njere za chimanga zimene zagwa pa mkeka, sachita zimenezi chifukwa cha kusadziwa ulemu. Adaona tsiku limene njere idali ndi mtengo wa moyo. Lonyenga ndi lakuti munthu adzapulumuka akatseka chitseko nabisa zimene ali nazo. Njala idabweranso mu 2002 ndi mu 2016, ndipo mu Marichi 2024 Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Nthawi iri yonse maphunziro awiriwa amabwerera pamodzi, ndipo nchito ya munthu wanzeru ndi kutola loyambalo nkusiya lachiwirilo.

Bvutoli ndi la dziko lonse lapansi. Mu 2011 bungwe la FAO lidawerengera kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cholimidwira anthu limaonongeka kapena kutayidwa, ndiye kuti matani pafupifupi 1.3 biliyoni pa chaka. Lidapezanso kuti wogula mmodzi ku Europe ndi ku North America adali kutaya makilogalamu 95 mpaka 115 pa chaka, pamene wa ku Africa wa kumwera kwa Sahara adali kutaya 6 mpaka 11, pakuti kwa iye chochuluka chimaonongekera ku munda, m'nkhokwe ndi pa njira ya ku msika. Koma asanadzitame ndi chiwerengero chimenechi, munthu adziwe kuti lipoti la bungwe la UNEP la mu 2024 lidaonetsa kuti kutaya chakudya m'nyumba si nthenda ya maiko olemera okha. Kumene kwafika sitolo ndi zakudya za m'mapaketi, chizolowezi chotaya chimatsata pambuyo.

Njira ya Pakati

Tsono ngati kutaya nkulakwa, kodi wosunga ali yense ngwolungama? Iai. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene adakhala zaka zoposa 300 Kristu asanabadwe, adaphunzitsa kuti khalidwe labwino limaima pakati pa zolakwa ziwiri, china chopyola muyeso, china choperewera. Pa nkhani ya chuma zolakwazo ndizo kumwaza ndi umbombo. Chofunika kuchiona nchakuti khalidwe la pakatilo sadalitche kusunga. Adalitcha kuolowa manja, ndiko kudziwa kupereka choyenera, kwa woyenera, pa nthawi yoyenera. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adatsata maganizo omwewo, nanenanso kuti umbombo ngwoipa kuposa kumwaza, pakuti womwaza amathandizako ena ndipo ukalamba ndi umphawi zimamchiza, pamene waumbombo sathandiza munthu, ngakhale iye mwini. Koma womwaza amene aphunzitsi awiriwa adamchepetsera mlandu ndi uja wopereka kwa anthu mopyola muyeso. Wotayira ku dzala sangabisale pambuyo pao, chifukwa iye sapatsa munthu ali yense.

Pa shelefu ya m'khitchini zolakwa ziwirizi zimakumana. Mayi wina amaiwala kokonati wake chifukwa samuyesa kanthu. Mayi wina amamkumbukira tsiku ndi tsiku, koma ana akampempha kuti awathirire m'phala amakana, nati: "Ameneyu ngwodula, sadyedwa masiku wamba." Woyamba ngwosasamala, wachiwiri ngwoumira, mitima yao njosiyana, koma pakutha pa miyezi itatu onse awiri anyamula paketi yonunkha kupita nayo ku dzala limodzi. Apa ndi pamene poonekera kusiyana kwa kusamala ndi umbombo. Waumbombo amafuna kuti chakudya chikhalepo. Wosamala amafuna kuti chakudya chidyedwe. Kusamala ndiko kufikitsa chakudya pakamwa pa munthu nthawi yake isanathe.

Malembo Oyera amasimba nkhani ziwiri zimene poyamba zioneka ngati zotsutsana. M'buku la Eksodo, mutu 16, Aisraele ena adasunga mana kufikira mmawa, ngakhale adawaletsa, ndipo adapeza atagwa mphutsi ndi kununkha. Mu Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, mutu 6, khamu litadya ndi kukhuta, ophunzira adauzidwa kutola makombo, nadzaza madengu 12. Apa kusunga nkoletsedwa, apo kutola nkolamulidwa. Koma nkhani ziwirizi zimanena chinthu chimodzi. Mana adasungidwa ndi munthu wamantha amene adadziganizira yekha. Makombo adatoledwa anthu onse atakhuta kale, kuti chakudya chabwino chisaonongeke. Kugawa kudatsogola, kutola kudatsata. Ndondomeko imeneyi ikatembenuzidwa, kusamala kumasanduka umbombo.

Nzeru za pa Mafuwa

Makolo adadziwa luso limeneli asanamve za mabuku a anzeru. Nsima yotsala sadaitche zinyalala. Adaipatsa dzina lake, mkute, ndipo mmawa idali kupatsa mphamvu wopita ku munda. Nthochi zikapsetsa, mayi adali kuzisinja pamodzi ndi ufa, nkutulukamo zitumbuwa kapena chigumu. Nkhwani ndi khwanya zikachuluka nthawi ya dzinja, adali kuzifutsa ndi kuziyanika, ndipo mfutso udali ndiwo za m'chirimwe. Chinangwa chidasanduka makaka, chimanga chomeretsa chidasanduka chimera cha thobwa, ndipo gaga adapita kwa nkhuku ndi nkhumba, nabwerera pa mbale ngati mazira ndi nyama. Zakudya zimenezi zidabadwa chifukwa chokana kutaya, komabe palibe mwana amene amalandira chitumbuwa ndi manyazi. Luso la mayi lidachotsa pa chotsala dzina la chotsala.

Luso lomwelo likhoza kulandira alendo awiri aja. Kokonati wouma ali ndi mafuta ochuluka, opitirira theka la kulemera kwake, ndipo mafuta amaonongeka akakumana ndi mpweya, kutentha ndi kuwala. Nchifukwa chake paketi yotsegula siikhalitsa, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, imene ku Chileka ndi ku Lirangwe imaotcha kwambiri. Ayenera kuikidwa m'chitini kapena m'botolo louma, lotseka bwino, pa malo ozizira ndi a mdima, ndipo adyedwe masabata asanachuluke. Njira zomdyera nzambiri. Dzanja limodzi la kokonati likalowa m'fulawa wa mandasi kapena wa masikono, kapena m'chigumu ndi m'zitumbuwa, limapatsa pfungo labwino. M'phala la ana amalowa m'malo mwa nsinjiro. Akamviika m'madzi otentha kwa kanthawi nkumfinya pa kansalu koyera, amatulutsa madzi oyera ngati mkaka, amene amakometsa mpunga, nyemba, nkhwani kapena chigwada, monga amaphikira anthu a m'mbali mwa nyanja ku Mozambique ndi ku Tanzania. Ndipo zotsala pa kansaluko zikhoza kulowanso m'mandasi. Akamkazinga pang'ono m'chiwaya chouma kufikira afiirire, amakoma kuwaza pa mbatata yophika kapena pa nthochi.

Fulawa wochepa nayenso sasowa nchito. Akasakanizidwa ndi ufa wa chimanga amafewetsa chigumu. Akasakanizidwa ndi mbatata yophika ndi kukanya, makamaka yofiira mkati, amatulutsa mandasi ochuluka kuposa amene akadatuluka m'fulawa yekha, ndipo amayi ena a malonda adaphunzira kale njira imeneyi fulawa atakwera mtengo. Supuni imodzi imalimbitsa msuzi wamadzimadzi. Pang'ono pokha pamakwana kupaka nsomba isanalowe m'mafuta. Koma nzeru yoposa zonsezi imayamba ku sitolo komwe. Amayi awiri kapena atatu oyandikana akagwirizana kugula paketi imodzi nagawana, ali yense alipira pang'ono, ali yense apeza chomkwanira, ndipo pa shelefu sipatsala kanthu kodikira kubvunda.

Malire a Kusamala

Khalidwe labwino liri lonse limayenda ndi nzeru, ndipo nzeru imadziwa polekera. Fulawa kapena ufa umene mwangolowa tizirombo tochepa, koma uli wouma ndi wopanda pfungo, ukhoza kusefedwa ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Koma ufa umene udalowa chinyezi, nuchita zibuluma, nusintha mtundu ndi kununkha nkhungu, suyenera kudyedwa konse. Chuku chimene chimamera pa chimanga ndi pa mtedza wosaumitsa bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumchotsa. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 adafa atadya chimanga chotere. Ngakhale ziweto siziyenera kupatsidwa, pakuti poizoniyo amatha kufika mu mkaka wa ng'ombe. Chimodzimodzinso kokonati amene wayamba kuwawa ndi kununkha, kapena mkute umene wasasa ndi kunanda: zimenezi zatha kukhala chakudya.

Mayi amene ataya zotere sachimwa. Akadachimwa akadazipatsa ana ake poopa kutaya. Moyo wa munthu uposa thumba la ufa. Ngati pali cholakwa, chidachitika kale, tsiku lija chakudya chikadali chabwino ndipo mwini wake adati adzachiona mawa. Chotero wofuna kukonza khalidwe lake asayang'ane pa tsiku lotaya. Ayang'ane pa tsiku lozengereza.

Adzadya Ndani?

Latsala funso lachitatu, ndipo ndilo lolemera koposa. M'nyumba zambiri chakudya chatsopano chimapita kwa bambo ndi kwa mlendo, ndipo mkute umapita kwa mayi, kwa ana, kwa wanchito, kapena kwa mwana wamasiye amene akuleredwa pa khomopo. Kulemekeza mlendo ndi mwambo wabwino, ndipo palibe choipa kudya mkute. Koma ngati zotsala zimagwera munthu mmodzi yemweyo tsiku ndi tsiku, ndipo munthuyo ndi amene alibe mau pa khomo, pamenepo dzina la kusamala likubisa kusalungama. Bambo amene amadzudzula mkazi wake chifukwa chotaya nsima, koma iye mwini sakhudza mkute, akufuna khalidwe labwino limene mtengo wake alipire wina. Muyeso wake ngwapafupi: mwini nyumba adzifunse ngati iye angadye mokondwa chimene akupatsa mnzake. Ngati angadye, adye nawo pamodzi, ndipo ana adzaphunzira kuti zotsala nchakudya cha banja lonse. Ngati sangadye, asapatse munthu.

Muyeso womwewo ugwira nchito pa zopereka kwa osauka. Kupatsa nkhalamba ya pa mudzi kapu ya fulawa ndi theka la kokonati tsiku lotsatira chikondwerero, zikadali zabwino, nchikondi chenicheni, ndipo nkhalambayo idzaphikira adzukulu ake chimene sakadachilawa. Kuipatsa zomwezo patapita miyezi itatu, zitayamba kununkha, nkuiyesa dzala loyenda ndi miyendo. Mphatso ndi yomweyo, wolandira ndi yemweyo. Chasintha ndi nthawi yokha, ndipo nthawiyo ndiyo iulula za mu mtima mwa woperekayo. Makolo adati kupatsa nkuika. Adadziwa kuti chakudya chimene sichingakhalitse m'nyumba chimasungika bwino kwa mnansi, pakuti mnansi wodyetsedwa lero ndiye adzatsegula chitseko chake tsiku la njala. Mwambi umenewu ndiwo yankho la phunziro lonyenga lija la mu 1949.

Pa zikondwerero ndi pamene nkhaniyi imakula. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa maliro ndi pa masiku akulu a pa tchalitchi, nsima ndi mpunga zimaphikidwa m'miphika yaikulu, ndipo kawirikawiri zimapyola muyeso chifukwa eni ake aopa kuti anthu angawanene kuti ngosauka kapena ngouma manja. Madzulo zotsala zimatayidwa kuseri mwakachetechete, pakuti manyazi omwewo amene adachulukitsa chakudya amaletsanso kuchigawa poyera. Mwambi wakuti chakudya sichichepa, chichepa nchobvala, udanenedwa kuti mlendo wofika mwadzidzidzi asabwezedwe ndi njala. Sudanenedwe kuti mabanja apikisane kukula kwa miphika. Akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, amene amakhala pa misonkhano yokonza masiku otere, akhoza kuthandiza ndi chinthu chimodzi chapafupi: moto usanayatsidwe, asankhe anthu awiri amene adzagawa zotsala, ndipo atchuliretu maina a okalamba ndi odwala amene sadzatha kubwera. Chakudya chikanyamulidwa chikadali chofunda, wolandira amachiyesa gawo lake la chikondwerero, ndipo sachita manyazi.

Tsono kodi kusunga zotsala ndi umbombo? Kukhoza kukhala umbombo, ngati munthu asunga chifukwa cha mantha, namana ana ake ndi anansi ake kufikira chakudya chibvunde. Kukhoza kukhala kusalungama, ngati zotsala zimaikidwa nthawi zonse pa mbale ya wopanda mau. Koma ngati munthu asunga kuti aphikenso msanga, nadya nawo iye mwini, nagawira mnzake zikadali zabwino, ndipo ataya mosazengereza chimene chingapweteke, ameneyo ngwoolowa manja, pakuti wosataya ndiye amakhala nacho chopatsa. Khalidwe limeneli silifuna chuma kapena maphunziro ambiri. Limafuna chitini chouma chotseka bwino, sefa, kukumbukira kutsegula shelefu sabata isanathe, ndi kudziwa khomo la mnansi amene lero sadaphike.